Tiwiri Tikafika Pamodzi

Mu Januwale dzuwa la ku Vilnius ndi mlendo waulesi:
limafika mochedwa, silivula chikhoti,
folo koloko isanakwane lapita osatsanzika.
Sindidandaula. Ntchito yanga imafuna mdima.

Ndatsika masitepe makumi awiri ndi atatu,
ndasansa chipale chofewa kunsapato,
ndapeza Rimvydas atawerama kale pa tebulo lachitsulo
loyandama pa mpweya, kuti basi ikadutsa kumsewu
pasanjenjemere kanthu.
Magalasi oteteza maso ali pamphuno, kakhadi m'dzanja,
akusaka kuwala kumene diso silingaone,
kalilole ndi kalilole,
ngati wolondola mapazi a chiweto chosokera.
"Wina wagunda nambala seveni," akutero osacheuka.
Ndine. Dzulo, ndi chigongono.
Ndangoti zii, n'kukateleka khofi.

Leza yathu siyaka monga nyali. Imaphethira.
Kuphethira kumodzi n'kwakufupi kwambiri
moti kuwala, ndi liwiro lake lonselo,
sikumaliza n'kuwoloka komwe tsitsi limodzi m'mimba mwake.
Kenaka chete. Kenaka kwina,
mamiliyoni makumi asanu ndi atatu pa sekondi,
ndipo m'chipinda mumangomveka fani ndi chifuwa cha Rimvydas.

Pansi pa maikulosikopu pagona kansomba ka masiku asanu,
koonekera m'kati ngati dontho la madzi,
timaso tiwiri takuda bii, kamtima phaphapha.
Sitikacheka. Sitikawotcha.
Timangokafunsa ndi kuwala zomwe ubongo wake ukuchita.

Kadontho kamodzi ka kuwala kofookaku
kamadutsa mnofu osasiya phazi.
Kachiwiri kakachedwa, nakonso kangodutsa.
Koma tiwiri tikafika pamodzi,
malo amodzi, kamphindi kamodzi,
selo limayaka mobiriwira, pamenepo pokha,
pamwamba pake mdima, pansi pake mdima.
Zaka khumi ndi chimodzi ndikuona izi pa sikirini,
tsitsi la pamkono likunyamukabe.

Bambo anga ali ku Antakalnis, chipinda cha pakona,
zenera loyang'ana mitengo ya paini.
Anali okonza mawotchi. Tsopano sadziwa tsiku.
Lamlungu lililonse ndimawauza dzina langa, limangodutsa.
Ndimawaonetsa nkhope, imangodutsa.
Amanditcha Danutė, mlongo wawo
amene anaikidwa m'manda ine ndisanabadwe,
ndipo ndimavomera, nanga n'kutani.

Sabata yathayi ndinatenga buledi wakuda wa pamsika,
akali wofunda m'pepala.
Pomwe ndimamunyema, fungo likukwera,
mpeni unagwa pansi, ngwee,
ine n'kutukwana mmene ankatukwanira mayi.
Bambo anadzutsa mutu.
"Audra, wayendanso panja ndi tsitsi lonyowa?"

Pamenepo pokha.
Ndisanameze malovu kuti ndiyankhe
anali atabwerera kuzenera,
kufunsa Danutė ngati sitima yadutsa.

Izi sindilemba m'buku la labotale.
Zachitika kamodzi, popanda choyezera, popanda mboni;
ndikanakhala wophunzira wanga, ndikanadzibweza.
Nsomba si bambo anga. Fungo si kuwala.
Ndikudziwa.

"Yabwerera," akutero Rimvydas, akuwongola msana.
Wazimitsa getsi lotsala. Ndakoka katani yakuda.
Ndikutsika pang'onopang'ono m'mutu mwa kansomba,
nsanjika ndi nsanjika, ngati masitepe aja,
mpaka timinyewa tayamba kung'anima,
aka, kenaka ako, kenaka khumi nthawi imodzi,
mzinda woonedwa usiku uli m'ndege.
Kagwedeza mchira. Mbali yonse ya kumanzere yayaka.
Chimene kakumbuka, kaya.

"Nambala seveni ija," ndikunong'ona mumdima, "ndinali ine."
"Ndinaona ulusi wa juzi yako," akutero. "Jambula, isanasunthe."

Ndadina batani.
Lamlungu ndikagulanso buledi.
Mpeni sindiugwetsa dala;
ndingouika m'mphepete mwa tebulo.